Kodi fomu imamva chisoni cha aliyense mofanana? Mbiri ya mafunso oyezera matenda a maganizo

M'chaka cha 1840, boma la America lidachita kalembera wa anthu, ndipo kwa nthawi yoyamba owerenga anthuwo adauzidwa kuti pakhomo lililonse azifunsanso ngati pali wamisala kapena wozerezeka. Zotsatira zitatuluka, eni akapolo adaomba m'manja. Ziwerengerozo zinkaonetsa kuti m'zigawo za kumpoto, komwe anthu akuda adali mfulu, misala idali yochuluka pakati pawo kuwirikiza pafupifupi kakhumi poyerekeza ndi kummwera komwe adali pa ukapolo. Ku Maine, akuti munthu wakuda mmodzi mwa 14 alionse adali wozungulira mutu. Kwa eni akapolowo nkhani idathera pomwepo: ufulu umapengetsa munthu wakuda.

Dokotala wina wa ku Massachusetts, Edward Jarvis, poyamba adazikhulupirira. Koma atakhala pansi n'kuyamba kuona tauni imodziimodzi, adagwira pakamwa. Matauni ena omwe kalembera yemweyo adati mulibe munthu wakuda ngakhale mmodzi, adalembedwa kuti muli anthu akuda amisala. Ku Worcester, odwala 133 a pachipatala cha amisala, omwe adali azungu, adaikidwa mumzere wa anthu akuda. Mu 1844 Jarvis ndi anzake a m'bungwe la American Statistical Association adakadandaula ku nyumba ya malamulo. Tsoka ilo, nduna yomwe kalemberayo adali m'manja mwake, John C. Calhoun, idali mtetezi wamkulu wa ukapolo, ndipo chaka chomwecho idagwiritsa ntchito ziwerengero zomwezo pouza kazembe wa Britain kuti ukapolo ndi wabwino kwa akuda. Zolakwikazo sizidakonzedwe.

Papita zaka zoposa 180 chichitikireni izi, ndipo lero mavuto a mumtima amayezedwa mwanjira ina. Wodwala akafika pachipatala ku America kapena ku Britain, nthawi zambiri amapatsidwa kapepala ka mafunso 9. Kamamufunsa za masabata awiri apitawo: kodi zinthu zomwe kale zinkakusangalatsani zidasiya kukoma? Tulo mukuliona? Chakudya chikulowa? Kodi mumadziona ngati munthu wolephera? Kodi maganizo oti bola kufa amakufikirani? Yankho lililonse lili ndi mapointi kuyambira 0 mpaka 3, ndipo onse pamodzi sapitirira 27. Wopeza 10 kapena kuposerapo amayenera kuunikidwa bwino ngati ali ndi matenda a kukhumudwa, omwe madokotala amawatchula kuti depression. Palinso mafomu ofufuzira matenda a bipolar, omwe munthu nthawi ina amatheratu ndi chisoni, nthawi ina n'kukhala ndi mphamvu zosaneneka: osagona, kulankhula kosapumira, kumwaza ndalama.

Mafomuwa athandiza anthu ambiri omwe akadangofera chamumtima. Komabe funso lomwe Jarvis adalisiya likadali pomwepo. Kodi nambala yomwe yatuluka ikunena za wodwala, kapena ikunena za amene adakonza muyezowo? Kodi mapointi 10 a mzungu wa ku Minnesota ndi amodzimodzi ndi mapointi 10 a mayi wakuda wa ku Chicago, kapena a mlimi wa ku Thyolo?

Pamene ankati wakuda sadwala chisoni

Mu 1851, dokotala wa ku Louisiana, Samuel Cartwright, adalengeza kuti watulukira nthenda yomwe imachititsa akapolo kuthawa ambuye awo, ndipo adaitcha drapetomania. Lero palibe amene angamuikire kumbuyo. Koma padali ganizo lina lomwe lidakhalitsa, chifukwa linkaoneka ngati latuluka m'ziwerengero zenizeni: loti munthu wakuda angathe kupenga, koma sangadwale chisoni.

Kuno ku Africa, yemwe adalifalitsa kwambiri ndi J. C. Carothers, yemwe adayang'anira chipatala cha amisala cha Mathari ku Nairobi kuyambira 1938 mpaka 1950. Mu 1953 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidasindikiza buku lake lotchedwa The African Mind in Health and Disease. Carothers ankati matenda a kukhumudwa ndi osowa pakati pa anthu a mu Africa chifukwa, m'kuona kwake, iwo sadziimba mlandu, choipa chilichonse amachikankhira kwa mfiti ndi mizimu.

Chomwe chidatsitsa dzaye chidali pachipata cha chipatalacho. Zipatala za amisala za atsamunda sizidali malo omwe munthu ankapitako yekha kukafuna thandizo. Cha ku Zomba chidayamba mu 1910 ngati nthambi ya ndende. Ofikako ambiri adali omwe agwidwa chifukwa chosowetsa anthu mtendere: omenya anzawo, otentha nyumba, osokoneza pamsika kapena paboma. Mayi yemwe wasiya kudya, wasiya kupita kumunda, akungokhala pakhonde nkhope ili pansi, palibe wapolisi ankamulabadira. Ankasamalidwa ndi abale ake, kapena ankamutengera kwa sing'anga. Dokotala wowerenga odwala a m'chipatala chotere sakadamuona mayiyo, ndipo kusamuonako ankakutenga ngati umboni woti kulibe.

Omwe adatuluka m'chipatala n'kupita kumudzi adapeza zina. Margaret Field adakhala nthawi yaitali pa akachisi a makolo ku Ghana akumvetsera anthu obwera ndi mavuto awo. Mu 1960 adalemba kuti amayi ambiri omwe ankabwera kudzadziulula okha kuti ndi mfiti, kuti ndi omwe adadya ana awo, adali odwala matenda a kukhumudwa. Kudziimba mlandu komwe Carothers ankati kulibe kudalipo, kungoti kunkanenedwa m'njira yomwe iye sankaimva. Ku Nigeria, Thomas Adeoye Lambo wa pachipatala cha Aro ku Abeokuta adagwira ntchito ndi Alexander Leighton wa ku yunivesite ya Cornell, ndipo kafukufuku wawo wa mu 1963 adaonetsa kuti zizindikiro za chisoni ndi nkhawa n'zofala pakati pa Ayoruba. Mu 1979, John Orley ndi John Wing adafunsa anthu a m'midzi iwiri ku Uganda ndipo adapeza kuti matenda a kukhumudwa adali ochuluka kumeneko kuposa pakati pa amayi a ku Camberwell, mu mzinda wa London.

Kubadwa kwa fomu

Fomu ya mafunso idabadwira kunkhondo. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, asilikali ambiri ankabwerera kwawo akunjenjemera, ena osatha kulankhula, pamene thupi lilibe bala. Gulu la nkhondo la America lidafuna njira yodziwiratu achinyamata omwe sangapirire, ndipo Robert Woodworth adakonza mafunso 116 oyankha kuti inde kapena ayi. Nkhondo idatha fomuyo isanagwire ntchito kwenikweni, koma njira idali itatseguka.

Mu 1943, Starke Hathaway ndi J. C. McKinley adatulutsa fomu yaikulu yotchedwa MMPI, yomwe mwa zina inkayeza kukhumudwa. Kuti adziwe mayankho a munthu wabwinobwino, adafunsa anthu okwana ngati 700, makamaka omwe ankabwera kudzazonda odwala pachipatala cha yunivesite ya Minnesota. Onsewo adali azungu, ambiri a kumidzi ndi m'matauni ang'onoang'ono. Kwa zaka zoposa 40, munthu aliyense woyankha fomuyo, kaya ndi wakuda wa ku Mississippi kaya mlendo wochokera ku Mexico, ankamuyerekeza ndi anthu amenewa. Gulu loyerekezeralo lidasinthidwa mu 1989.

Kenako mafomu adachuluka. Max Hamilton wa ku Leeds adatulutsa yake mu 1960. Aaron Beck wa ku Philadelphia adatsatira mu 1961 ndi mafunso 21 omwe adawatola pa zomwe odwala ake ankadandaula. Mu 1977 Lenore Radloff adatulutsa CES-D, ya mafunso 20, yofufuzira anthu wamba m'makomo mwawo. Ya amayi ongobereka kumene, ya ku Edinburgh, idabwera mu 1987, ndipo mtsogoleri wa oikonza, John Cox, adali atagwirapo ntchito ku Uganda. Ya mafunso 9 ija, PHQ-9, idatsimikizidwa mu 2001 ndi Kurt Kroenke, Robert Spitzer ndi Janet Williams pa odwala 6,000.

Tisaiwale kuti cholinga cha okonza mafomuwa chidali kubweretsa chilungamo. Madokotala a nthawi imeneyo sankagwirizana. Kafukufuku yemwe adasindikizidwa mu 1972 adaonetsa kuti odwala ofanana ankapatsidwa maina a matenda osiyana malinga ndi mzinda: ku New York ambiri ankauzidwa kuti ali ndi schizophrenia, nthenda yomwe munthu amamva mawu ndi kukhulupirira zinthu zomwe kulibe, pamene ku London ankauzidwa kuti ali ndi matenda a kukhumudwa kapena a bipolar. Ofufuza atafunsa odwala a m'mizinda iwiriyi mafunso amodzimodzi, m'ndondomeko imodzi, kusiyanako kudachepa kwambiri. Anthu adaona kuti mafunso olembedwa angathe kuletsa dokotala kungotsatira zomwe zili m'mutu mwake. Chomwe chidatsala n'choti mafunsowo nawo adalembedwa ndi munthu, pomvetsera anthu ena ake.

Kuyeza muyezo

Mlimi aliyense yemwe adagulitsapo soya kapena nandolo kwa venda amadziwa kuti sikelo imatha kunama. Wochenjera amanyamula paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi, n'kuyamba waikapo kaye asanaike thumba lake. Vuto la matenda a maganizo n'lakuti paketi yotere palibe. Palibe kuyeza magazi komwe kungatsimikize kuti uyu wadwala chisoni, uyu ayi. Choncho akatswiri amatsata njira ziwiri. Yoyamba ndi kuyerekeza zomwe fomu yanena ndi zomwe katswiri wapeza atacheza ndi wodwala kwa nthawi yaitali. Yachiwiri adaibwereka kwa okonza mayeso a sukulu ku America, omwe m'zaka za m'ma 1980 ankafufuza mafunso okondera. Amatenga anthu a magulu awiri omwe pa mafunso ena onse akuoneka kuti akuvutika mofanana, n'kuona ngati pali funso limodzi lomwe gulu lina likuliyankha mosiyana. Likapezeka, ndiye kuti funsolo likuyeza china chake, osati matenda okha.

M'chaka cha 2000, Stephen Cole, Ichiro Kawachi, Lisa Berkman ndi mnzawo adayesa CES-D motere pa anthu okalamba a mu mzinda wa New Haven. Mafunso ambiri adapezeka kuti ali bwino. Koma awiri adatulukira poyera. Lina limafunsa ngati anthu akhala osakuchezerani bwino, lina ngati mumaona kuti anthu sakukukondani. Pa awiriwa, okalamba akuda ankavomera kwambiri kuposa azungu omwe adali ndi chisoni chofanana ndi chawo, ndipo kusiyanako kudali kopitirira kawiri.

Taganizirani amene ankayankhawo. Adali anthu omwe adabadwa nthawi yomwe wakuda sankaloledwa kudya m'malo ambiri odyera a azungu, ambiri mwa iwo atakulira kummwera komwe ngakhale mpope wa madzi akumwa udali wa mtundu umodzi. Wolemba funso ankaganiza za wodwala yemwe chisoni chamudetsa maso, moti akuona chidani pomwe palibe. Gogo wa ku New Haven ankangonena zomwe zamuchitikira m'basi kapena m'sitolo. Fomu idatenga tsankho lomwe ankakumana nalo n'kuliwerengera ngati chizindikiro cha matenda ake.

Kukondera kwa funso sikuona khungu lokha. Kafukufuku yemweyo adapeza kuti funso la kulira amayi ankalivomera kwambiri kuposa abambo ovutika mofanana. Noboru Iwata adaonetsanso kuti anthu a ku Japan amachita manyazi kunena kuti ndi osangalala kapena kuti ndi ofunika ngati wina aliyense, popeza kwawo kudzitama n'kosayenera, ndipo zimenezi zimakweza mapointi awo ngati kuti akudwala. Ku China, Arthur Kleinman adaunika odwala 100 a ku Hunan omwe ankadandaula mutu, chizungulire ndi kutopa, n'kupeza kuti 87 mwa iwo adali ndi matenda a kukhumudwa malinga ndi miyezo ya ku America, ngakhale kuti chomwe chidawabweretsa kuchipatala chidali thupi.

Si mafomu onse adalephera mayeso amenewa, ndipo izi n'zofunika kuzinena. Mu 2006, Frederick Huang ndi anzake adayesa PHQ-9 pa odwala oposa 5,000, azungu, akuda, ochokera ku China ndi ochokera ku Latin America, ndipo adapeza kuti imayeza chinthu chimodzimodzi m'magulu onse, kupatula kusiyana pang'ono pa mafunso owerengeka. Kafukufuku wina wa mu 2019, pa anthu oposa 30,000 a ku America, adagwirizana nazo. Fomu yomwe idapewa mafunso a momwe anthu ena amakuonera idapewanso msampha womwe CES-D idagweramo. Chilungamo cha muyezo n'chotheka, koma chimadziwika pokhapokha wina akachiyesa.

Bala la bipolar

Nkhani imafika powawa pa matenda a bipolar. Mu 1980, Carl Bell, dokotala wakuda wa ku Chicago, pamodzi ndi Harshad Mehta, adalemba za odwala akuda omwe adali ndi nthendayi koma adauzidwa kuti ali ndi schizophrenia. Kulakwitsa kumeneku si kwa dzina lokha. Wodwala bipolar amathandizika ndi mankhwala monga lithium. Akamulemba schizophrenia, amakhala zaka akumwa mankhwala ena amphamvu oumitsa thupi, pamene omwe akadamuthandiza sakuwalandira. Jonathan Metzl, m'buku lake The Protest Psychosis, adaunika mafayilo a chipatala cha Ionia ku Michigan ndipo adaonetsa momwe, m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, nthawi yomwe akuda ankamenyera ufulu wawo, schizophrenia idayamba kuonedwa ngati nthenda ya mwamuna wakuda waukali.

M'chaka cha 2000, Robert Hirschfeld ndi anzake adatulutsa fomu yotchedwa Mood Disorder Questionnaire, kapena MDQ, yothandiza kuti odwala bipolar asamaphonyedwe. Ili ndi mafunso 13 a inde kapena ayi. Munthu amaganiziridwa kuti ali ndi nthendayi akavomera 7 kapena kuposerapo, akanena kuti zizindikirozo zidabwera nthawi imodzi, ndiponso kuti zidamubweretsera mavuto ndithu. Pa odwala 198 a m'zipatala zisanu za matenda a maganizo, fomuyi idazindikira odwala bipolar 73 pa 100 alionse. Itayesedwa pa anthu wamba mu 2003, idazindikira 28 okha pa 100. Pepala lomwelo, mafunso omwewo, koma anthu ena.

Mu 2007, akatswiri a ku Howard University, sukulu yakale ya anthu akuda ku Washington, adaiyesa pa odwala akuda omwe ambiri adadutsa m'zoopsa monga kumenyedwa, kugwiriridwa kapena kuona munthu akuphedwa. Adapeza kuti ambiri omwe fomu idawaloza kuti ali ndi bipolar adalibe nthendayo, ndipo ochuluka adali ndi bala la m'maganizo lomwe zoopsa zimasiya. Chifukwa chake chili m'mafunso momwemo. Fomu imafunsa ngati munthu adakhalapo wosachedwa kupsa mtima mpaka kukalipira anthu, ngati maganizo ankathamanga osaima, ngati kanthu kakang'ono kankamusokoneza, ngati ankagona pang'ono. Munthu yemwe adaona m'bale wake akuwomberedwa angavomere zambiri mwa izi. Komwe umphawi ndi tsankho zidaunjika anthu a mtundu umodzi m'madera a ziwawa, fomu imalakwitsa kwambiri pa mtundu umenewo, ngakhale mulibe liwu limodzi lonena za khungu.

Koma fomu yakhalanso mboni ya wodwala. Mu 2019, Michael Gara ndi anzake a ku Rutgers University adaona odwala omwe madokotala adawalemba kuti ali ndi schizophrenia, n'kuyerekeza ndi zomwe odwalawo adayankha okha pa fomu ya kukhumudwa. Akuda ambiri kuposa azungu adali ndi zizindikiro za kukhumudwa kwakukulu. Apa pepala lidamva chisoni chomwe dokotala sadachimve. Kukondera kudali m'makutu mwa womvetsera.

Ziwerengero zomwe zikukanganitsabe akatswiri

Pakati pa 2001 ndi 2003, gulu lotsogozedwa ndi James Jackson wa ku yunivesite ya Michigan lidachita kafukufuku wamkulu wa umoyo wa m'maganizo wa anthu akuda ku America. Zotsatira zomwe David Williams ndi anzake adasindikiza mu 2007 zidaonetsa kuti akuda a ku America 10 pa 100 alionse adadwalapo matenda a kukhumudwa pa moyo wawo, akuda ochokera ku Caribbean 13 pa 100, pamene azungu adali 18 pa 100. Koma mwa omwe adadwala, akuda oposa theka nthendayo idawakanirira nthawi yaitali, pamene mwa azungu adali 39 pa 100. Akuda a ku America osakwana theka ndi omwe adalandira chithandizo, ndipo a ku Caribbean adali mmodzi mwa anayi.

Chozunguza mutu n'chakuti pa mafomu afupiafupi oyeza kuvutika mumtima, akuda nthawi zambiri amapeza mapointi ofanana ndi a azungu kapena oposa. Miyezo iwiri, mayankho awiri. Akatswiri ena amati fomu yaifupi imatola kutopa kwa umphawi ndi tsankho, komwe si matenda. Ena amaloza momwe mafunso aatali adakonzedwera: amayamba ndi mafunso owerengeka a chisoni ndi kutaya chidwi, ndipo wokana amenewa safunsidwanso za kusowa tulo kapena kufooka. Munthu yemwe adaleredwa kuti alimbe mtima, asaonetse kufooka pamaso pa mlendo, amakana pakhomo pomwepo, n'kuwerengedwa ngati ali bwino. Ena amatchula mphamvu ya mpingo ndi chibale. Mkanganowu ndi wofunika chifukwa boma limagawa ndalama ndi madokotala motsatira ziwerengero. Gulu lomwe lalembedwa kuti silidwala kwambiri limakhala kumapeto kwa mzere.

Kuyambira kwa wodwala

Njira ina idatulukira ku Harare. M'zaka za m'ma 1990, Vikram Patel ndi anzake sadayambe ndi kumasulira fomu ya kunja. Adayamba ndi kumvetsera. Adacheza ndi odwala m'zipatala zing'onozing'ono, anamwino ndi asing'anga, n'kusonkhanitsa madandaulo omwe anthu amanena akavutika mumtima. Kenako adayesa kuti ndi ati omwe amasiyanitsadi wodwala ndi wosadwala. Mu 1997 adatulutsa Shona Symptom Questionnaire, ya mafunso 14. Ena mwa mafunsowo adafanana ndi a m'mafomu a kunja, zomwe zidatsimikiza kuti chisoni cha Mshona si chachilendo. Ena adali a komweko, monga la kuganiza kwambiri, komwe Ashona amati kufungisisa.

Fomu imeneyi ndi yomwe Dixon Chibanda adaigwiritsa ntchito poyambitsa Friendship Bench ku Mbare mu 2006, pomwe agogo ophunzitsidwa amakhala pabenchi kunja kwa chipatala n'kumathandiza anthu kumasula mavuto awo limodzilimodzi. Pa kafukufuku wa anthu 573 yemwe adasindikizidwa mu 2016, patatha miyezi isanu ndi umodzi, 14 pa 100 mwa omwe adakhala pabenchi ndi omwe adali ndi zizindikiro za kukhumudwa, poyerekeza ndi 50 pa 100 mwa omwe adalandira chithandizo cha masiku onse. Ofufuzawo adagwiritsa ntchito fomu ya Chishona pamodzi ndi PHQ-9, ndipo zonse zidaloza kumodzi.

Kuno kwathu ntchito yotere idayambika. Robert Stewart ndi anzake adayesa fomu ya WHO ya mafunso 20 m'Chichewa pa amayi obwera ndi ana kusikelo pachipatala cha Thyolo, ndipo zotsatira zidatuluka mu 2009. Pambuyo pake adayesanso ya ku Edinburgh pa amayi oyembekezera ku Mangochi. Mu 2019, Michael Udedi ndi anzake adayesa PHQ-9 ya Chichewa pa odwala matenda a shuga ku Lilongwe, ndipo adapeza kuti malire oyenera kumeneko ndi mapointi 9, osati 10. Kusiyana kwa pointi imodzi kungaoneke kochepa, koma pachipatala chomwe chimaona anthu mazanamazana, ndi anthu ambiri omwe akadabwerera kwawo atauzidwa kuti palibe vuto.

Kuyesa kotere sitingakudumphe, chifukwa mafunso ena ali ndi tanthauzo lina kwathu kuno. Kutopa, kusowa chilakolako cha chakudya ndi kusagona ndi zizindikiro za chisoni, komanso ndi zizindikiro za malungo, kuchepa kwa magazi ndi pakati. Mu Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zikauma, funso loti mukudya pang'ono lili ndi yankho lomwe silikhudza maganizo. Ndipo fomu yomwe idakonzedwa kuti munthu aidzaze yekha pakona, kuno nthawi zambiri amachita kumuwerengera namwino, mwina apongozi ali pambali akumvetsera.

Zomwe mbiriyi ikutisiyira

Mu Januwale 2021, bungwe la madokotala a matenda a maganizo ku America, American Psychiatric Association, lidapepesa poyera kwa anthu akuda ndi mitundu ina chifukwa cha gawo lomwe lidatenga polimbikitsa tsankho. Kupepesa kudafunika, koma wodwala amapindula ndi zomwe zimachitika m'chipinda choonera odwala.

Yankho la funso lathu silili kumbali imodzi. Mafomu ena, monga PHQ-9, ayesedwa m'magulu ambiri ndipo apirira. Ena ali ndi mafunso omwe amawerengera nkhanza za anthu ngati matenda a wochitiridwa nkhanzayo. Ena, monga MDQ, amagwira bwino pomwe adabadwira n'kufooka akapita kwina. Ndipo kukondera kwakukulu kwapezeka kawirikawiri mwa munthu wogwira fomuyo, osati papepala. Kutaya mafomu kungatibwezere nthawi yomwe dokotala ankangoyang'ana nkhope n'kugamula. Kuwakhulupirira osawayesa kungatipatse ziwerengero zokongola zomwe zikusiya anthu panja.

Ku Malawi madokotala a matenda a maganizo ndi owerengeka, choncho mafomuwa adzakhala m'manja mwa anamwino, makiliniko ofesala ndi alangizi a zaumoyo. N'chifukwa chake tiyenera kulimbikira zinthu zitatu. Fomu iliyonse iyesedwe pa anthu omwe idzawayeze: m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao, pa abambo ndi achinyamata, osati pa amayi a kusikelo okha. Okonza mafunso ayambe amvetsera momwe odwala athu amafotokozera mavuto awo asanamasulire za kunja. Ndipo wogwira fomu aphunzitsidwe kuti nambala ikatuluka, ntchito yangoyamba kumene: afunse chomwe chachitika pakhomo, amve za maliro, ngongole, nkhanza ndi matenda a m'thupi, kenako agamule. Munthu yemwe walimba mtima kuyankha funso la kufuna kufa ayenera kupeza wina womufunsa funso lotsatira.